Chimene Wabuledi Ankabisa mu Sokosi

Nditamuona pamzere, ndinathawa.

Sindikunama. Ndinali pazenera lolandirira mankhwala, ndikufotokozera agogo ena kamwedwe ka mapiritsi awo, ndipo nditadzutsa mutu ndinamuona ali wachinayi kuchokera kutsogolo. Anali atavala shati yoyera yosita bwino, buku la kuchipatala atalikanikiza pachifuwa ngati pali wina wofuna kumulanda. Pambali pake panaima mayi wina wathupi, makiyi a galimoto akulira m'dzanja. Agogo aja atachoka, ndinauza mnzanga wa pazenera lachiwiri kuti ndikukatenga katoni ya mankhwala kuchipinda chosungira.

Mnzangayo timamutchula kuti Wailesi, chifukwa akayamba kuyankhula m'mawa amadzazima poweruka.

"Katoni yanji, iwe Wamaloto? Dzulo lomweli tinabweretsa awiri."

"Ina, asisi."

"Ina! Chabwino. Ukabwere ndi nzeru zako zomwe, ndikuona kuti unaziiwala komweko."

Ndinakhala m'chipinda chozizira chija pakati pa makatoni, mpaka nditatsimikiza kuti wa shati yoyera uja wadutsa.

Kuti mumvetse uchitsiru umenewu, ndiyenera kukuuzani za zenera lina. Chipinda chimene ndimachita lendi chili pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo zenera lake limayang'ana kuseri kwa nyumba yophikira buledi. Kuseriko kulibe chokongola. Kuli mgolo wa madzi, mulu wa matumba a fulawa opanda kanthu, ndi chitseko chachitsulo cholira ngati mwana wa mphaka. M'mawa uliwonse cha m'ma sikisi, ine tiyi ali m'manja, chitsekocho chinkalira, ndipo ankatuluka ali mbuu ndi fulawa kuyambira m'tsitsi mpaka m'zala. Ankatsamira khoma, mapewa akukwera ndi kutsika. Ankayang'ana uku ndi uku. Kenako ankawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kusolola mu sokosi, mwendo wa kumanzere, kabotolo kabuluu kopopera m'kamwa, kamene anthu a mphumu amayenda nako. Ankapopera kawiri, n'kutsinzina. Akatsegula maso, nkhope yake inkaoneka ngati ya munthu amene wangobwezeredwa chinthu chake chotayika.

Miyezi isanu ndi itatu ndinkamuyang'ana ndili kuseri kwa katani wanga wachikasu. Dzina lake sindinkalidziwa. Anzake ankamuitana kuti Mzukwa chifukwa cha kuyera kwa fulawa, koma ine mumtima ndinkati Wabuledi. M'maganizo mwanga tinali titalankhulana kale zambiri. Tinali titayenda limodzi mvula ikugwa, titakangana, titakhululukirana, ana awiri titawatcha kale maina. Pamaso pake ndinali ndisanatulutse ngakhale liwu limodzi. Ndipo chinsinsi chake cha mu sokosi ndinkachisunga ngati mphatso imene anandipatsa iye asakudziwa.

Mzere unatha cha m'ma hafu pasiti thwelofu. Wailesi anatulutsa kontena yake ya chakudya n'kuyamba nkhani ya mlamu wake, yomwe sinkafuna womvetsera. Mapepala a mankhwala amene tapereka timawabaya pa msomali wautali pathebulo. Ndinayamba kuwatsegula limodzilimodzi ngati ndikuwasanja, chikhalirecho ndikufuna limodzi lokha. Ndinkangofuna dzina lake, basi, ndi zaka zake.

Ndinalipeza. Dzinalo ndinaliwerenga katatu, ndipo ndilisunga ndekha. Zaka makumi atatu ndi chimodzi. Kenako maso anga anatsikira m'munsi, pamene adokotala analemba kuti magazi akuthamanga kwambiri, mtimanso ukugunda mofulumira. Pansi pake panali dzina la mankhwala: propranolol, m'mawa ndi madzulo.

Ndinawerenganso mzerewo kachiwiri.

Aliyense wa ntchito yathu amadziwa zimenezi ngati dzina lake. Mankhwala amenewa amadekhetsa mtima n'kutsitsa BP, koma kwa munthu wa mphumu amafinya njira za mpweya m'chifuwa. Choipitsitsa, amatsekereza kabotolo kopopera kaja kuti kasagwire bwino ntchito. Pakhoma pathu, pamwamba pa mashelefu, adokotala anamata pepala lolemba okha ndi inki yofiira: BP sayenda yekha. Funsani za shuga ndi impso. Funsani za pakati. Funsani za mphumu.

"Asisi," ndinadula nkhani ya mlamu. "Bambo uyu, wa pepala ili, munamufunsa za mphumu?"

Wailesi anasuzumira, supuni ili m'malere. "Wa shati yoyera uja? Ndinafunsa. Koma anayankha ndi amayi aja. Akuti, antchito anga onse ndi athanzi, wachifuwa ine sindisunga pa buledi wanga. Mwini wakeyo anangogwedeza mutu. Buku lake latsopano, loyera ngati mbale yotsuka. Bwanji? Wayeranso iwe ngati waona maliro."

Ndinaimirira, ndinakhalanso, ndinaimiriranso. Buku latsopano. Ndiye kuti lakale, lolembedwa za mphumu, analisiya dala kunyumba. Ndiye kuti chinsinsichi chinali ntchito yake, chakudya chake cha tsiku ndi tsiku. Ndikayankhula, ndamuchotsetsa ntchito. Ndiponso adzandifunsa kuti ndinadziwa bwanji, ndipo ndidzati chiyani? Kuti ndimamusuzumira ngati wakuba? Koma ndikakhala chete, piritsi loyamba lokha likhoza kumutseka chifuwa. Ndipo ndikanakhala pazenera langa, osathawa ngati kamwana, mapiritsiwo sakanatuluka m'chipinda chino.

Ndinang'amba pepalalo pa msomali n'kuthamangira kwa adokotala.

Adokotala athu ndi mayi wachikulire, wowonda, magalasi awo amalendewera pachingwe m'khosi. Ndinawapeza akudya nthochi chiimirire, wodwala wina atangotuluka.

"Kugogoda kunatha liti m'chipatala muno?"

"Pepani adokotala. Bambo uyu ali ndi mphumu."

Anavala magalasi, anawerenga pepala, n'kundiyang'ana. "Ndinamufunsa ndekha. Anakana. Ndinamvetsera pachifuwa, munali phee."

"Amayenda ndi kopopera. Amapopera tsiku lililonse."

"Ndi m'bale wako?"

"Ayi."

"Nanga wadziwa bwanji?"

"Ndimamuona."

"Umamuona kuti?"

"Adokotala, nthawi ikupita."

Adokotala anaika nthochi ija pathebulo pang'onopang'ono. Nkhope yawo inasintha ndikuona.

"Manja ake amanjenjemera," anatero, ngati akudziyankhulira okha. "Mtima ukuthamanga ngati wa mbalame. Ndimaganiza kuti ndi mantha ndi BP yomweyo. Wapopera asanalowe muno, mwana ameneyu. Osati kawiri ayi, kambirimbiri, kuti ndikaika chomvetsera pachifuwa ndisamve kanthu. Kopoperako ndi kamene kathamangitsa mtima. Ndiye ine, ndi zaka zanga zonsezi, ndaona mtima wothamanga n'kusankha mankhwala oudekhetsa." Anamenya thebulo ndi chikhato. "Ndipo funsolo ndamufunsa abwana ake atakhala pampando uwo. Amati abwera naye kudzayezetsa za chiphaso cha zaumoyo cha kuntchito, mutunso ukumamupweteka, iwo ali ngati mayi ake. Ine n'kuwalola kulowa. Akanayankha kuti chiyani?"

Anatenga foni n'kuimba nambala imene inali m'kaundula. Inali ya abwana aja. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso. Chimodzimodzi.

"Ambulansi yapita ndi wodwala kuchipatala chachikulu. Ukukudziwa kumene amagwira ntchito?"

"Ndikukudziwa."

"Ndimayembekezera. Thamanga. Ukampeza sanamwe, ukalande mapiritsiwo. Ukampeza wamwa, ubwere naye kuno, ngakhale ukampeze akuseka. Akayamba kubanika, apopere ndithu, kambiri, ngakhale kazioneka ngati sikakuthandiza. Asagone chagada. Wamva? Pita!"

Ndinatuluka ndi gauni yanga yoyera yomweyo. Pasiteji panali minibasi, ndinalowa. Munali anthu asanu okha, ndipo kondakitala anali panja akuitanirabe ena, dalaivala akutokosa m'mano. Ndinayang'ana wotchi. Wabuledi anachoka kuchipatala cha m'ma leveni. Mwina akudikira madzulo. Anthu ambiri amayamba mankhwala madzulo. Ena amakaika m'kabati n'kuiwala sabata yathunthu. Mwina ndi mmodzi wa amenewo. Ndinagwedeza mwendo mpaka bambo wa pambali panga anasuntha.

"Tinyamuka nthawi yanji, achimwene?"

"Pompano, anesi, pompano. Atatu okha."

Ndinatsika n'kuyamba kuthamanga.

Msewu umenewo ndimauyenda kawiri patsiku, koma tsiku limenelo unatalika ngati wina akuukoka kutsogolo. Ndinadutsa pa okonza njinga, pa ogulitsa zovala pansi, pa sukulu pamene ana anali kutuluka n'kudzaza njira yonse. Nsapato imodzi inkandiluma chidendene. Wina anakuwa kuti, "Anesi, wodwala wathawa?" anthu n'kuseka. M'mutu mwanga munkazungulira mawu amene ndikanene. Moni, ndachokera kuchipatala, pachitika kulakwitsa pang'ono pa mankhwala. Basi. Za mphumu osatchula. Ndimuitanira pambali, ndilanda mapiritsi, chinsinsi chake chitsala chake, changa chitsala changa. Ndinabwereza mawuwo mpaka anayamba kugwirizana ndi mapazi anga.

Fungo la buledi linandilandira ndisanafike pakona. Mkati munali anthu ogula. Amayi aja anali kuseri kwa kauntala, makiyi tsopano atawakoleka m'chiuno.

"Amayi, ndachokera kuchipatala. Ndikufuna bambo munabwera nawo m'mawa aja."

"Mzukwa? Walakwanji?"

"Sanalakwe. Pachitika kulakwitsa pang'ono pa mankhwala. Asamwe."

"Asamwe bwanji? Wamwa kale. Titangofika ndamupatsa madzi ndekha, wamwa ine ndikuona. Amuna ukawasiya okha samwa mankhwala. Kulakwitsa kwanji? Inu a chipatala mumatani kodi?"

"Wamwa nthawi yanji?"

"Ndati titangofika. Kodi ndinu wapolisi?"

Papita pafupifupi maola awiri. Sindinapemphe chilolezo. Ndinakweza thabwa la kauntala n'kulowa, amayiwo akundikuwira kumbuyo kuti kumeneko sikulowa aliyense.

Chipinda chophikira chinali chotentha ngati m'kamwa mwa uvuni momwe. Makina okandira ankazungulira okha, fulawa akuuluka m'kuwala kochokera pazenera la pamwamba. Amuna awiri ankatulutsa mathireyi. Iye panalibe.

"Ali kuti?"

Mmodzi analoza ndi chibwano. "Wangotuluka kumene kuseri. Akuti akapume kamphepo."

Ndinakankha chitseko chachitsulo. Chinalira kulira kwake kuja.

Kwa nthawi yoyamba ndinaima m'bwalo limene ndinkalidziwa kuchokera pamwamba pokha. Mgolo uja, matumba aja. Ndipo pamwamba pa mpanda, pafupi kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira, panali zenera langa ndi katani wake wachikasu, poonekera ngati mbendera.

Iye anali atagwira m'mphepete mwa mgolo ndi manja onse awiri, atawerama, khosi litatambasuka. Mpweya unkatuluka ndi kamluzu kopyapyala. Thukuta linali litajambula mizere mu fulawa wa kumaso kwake. Dzanja lake linali litayamba kutsikira ku mwendo, koma chitseko chinaliranso kumbuyo kwanga, abwana anatulukira, ndipo dzanjalo linabwerera pa mgolo.

"Iwe Mzukwa, watani?"

"Palibe... amayi. Kutentha."

"Mwamva? Ndi kutentha. Imwa madzi. Ndiye inu mwatiopseza chifukwa chiyani?"

Ndinamuyandikira. Milomo yake inali itayamba kutuwa, ndipo sikunali kutuwa kwa fulawa.

"Achimwene," ndinatero motsitsa mawu. Limenelo ndilo linali liwu langa loyamba kwa iye, patatha miyezi isanu ndi itatu. "Mapiritsi mwamwa aja akutseka chifuwa. Poperani."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana abwana ake. Anapukusa mutu.

"Ndili... bwino."

"Simuli bwino. Poperani."

"Apopere chiyani?" anafunsa abwana. "Kodi mukunong'onezana chiyani pabwalo panga?"

Iye anatsinzina. Mapewa ankakwera mpaka m'makutu, kamluzu kaja kakucheperachepera, ndipo ndinkadziwa kuti kakazimiririka ndiye kuti mpweya wasiya kudutsa. Munthu ameneyu anali wokonzeka kugwa pomwepo kusiyana ndi kuwerama pamaso pa mayi ameneyu. Mawu onse ndinakonza m'njira aja analibenso ntchito.

Ndinagwada pa simenti, ndinakweza mwendo wa thalauza lake, wa kumanzere, n'kulowetsa zala mu sokosi. Kabotoloko kanali kofunda ndi kutentha kwa thupi lake.

Makina okha ndi amene ankamveka mkatimo.

Ndinakagwedeza, ndinachotsa chivindikiro, ndinamukhazika pa mulu wa matumba n'kumuikira pakamwa. "Tulutsani mpweya. Tsopano kokani." Anakoka, maso ake ali pa ine, akulu, odzaza mafunso amene analibe mpweya wowafunsira. Kawiri. Kanayi. Kasanu ndi kamodzi. M'mawa uliwonse kawiri kokha kankamubwezera nkhope yake. Tsiku limenelo kanali ngati madzi othira pa mwala.

"Mphumu," abwana anatero, mawu atatsika. "M'nyumba mwanga muno."

"Amayi, tidzakambirana pambuyo. Galimoto."

Sanatsutse. Makiyi anali kale m'manja.

Tinamukweza kumbuyo kwa galimoto yoperekera buledi, pakati pa mathireyi opanda kanthu. Ndinakhala kumbuyo kwake n'kumutsamiritsa pachifuwa panga kuti akhale chowongoka. M'maloto anga ndinali nditamukumbatira kambirimbiri, koma simunali chonchi, msana wake ukulira ngati chitseko chija, mtima wake, umene m'mawa unkathamanga, tsopano ukugunda pang'onopang'ono modekha ngati sukudziwa zimene zikuchitikira chifuwa. Kutsogolo abwana ankaimba hutala mosalekeza, uku akupemphera, uku akutukwana.

"Ambuye, musamutenge. Choka iwe ndi njinga yakoyo! Zaka zinayi, Mzukwa, zaka zinayi ukundinamiza. Ambuye, mundikhululukire, ndamumwetsa ndi dzanja langa. Usafe, wamva? Ukafa ndikuchotsa ntchito!"

Ndinamva thupi lake likugwedezeka. Ndinachita mantha, kenako ndinazindikira kuti akuyesa kuseka.

"Musaseke," ndinamuuza kukhutu. "Mpweyawo ndi wochepa. Kokaninso."

Adokotala tinawapeza ataima pakhomo ndi njinga ya odwala, Wailesi ali pambali pawo, kukamwa kuli tseke kwa nthawi yoyamba chimudziwireni. Anamulowetsa m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, anamuveka chophimba pamphuno ndi pakamwa, mpweya ndi nthunzi ya mankhwala zikufuka. Abwana anafuna kulowa nawo. Adokotala anaika dzanja pa chitseko.

"Amayi, inu mudikire panja. Ndikanayenera kunena zimenezi m'mawa."

Tinakhala pa benchi ya m'khonde, ine ndi amayiwo. Sindinathe kukhazikika. Ndinkapita pachitseko, kubwerera, kupita pa mpopi, kubwerera. Chidendene chinali chitasupuka koma ndinazindikira pambuyo pake. Amayiwo ankatembenuza makiyi m'manja.

"Chaka chatha ndinachotsa wina," anatero osandiyang'ana. "Ankatsokomola pa mtanda. Ogula akaona zimenezo sabweranso. Ndinanena pamaso pa onse kuti wachifuwa sindimufuna. Uyu anali pomwepo, akukanda." Kenako ananditembenukira. "Koma inu, mwana wanga, za mu sokosi munazidziwa bwanji? Ndinu chibwenzi chake?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye anakuphunzitsani kusukulu kuti a mphumu amasunga ku mwendo wa kumanzere?"

Ndinayang'ana pansi. Mwamwayi chitseko chinatseguka.

Zinatenga maola atatu kuti chifuwa chimasuke bwinobwino. Adokotala anati agone tsiku limodzi, mpaka mphamvu ya piritsi lija ithe m'thupi. Dzuwa litapendeka anandituma kukamupatsa mankhwala ena, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita dala, chifukwa anesi analipo.

Ndinamupeza atakhala pabedi, chophimba chija chili m'khosi, fulawa akadali m'nsidze. Ndinaika kapu ya madzi pa kabati.

"Zikomo, asisi," anatero. Mawu ake anali okulirapo kuposa amene ndinamupatsa m'maloto. "Adokotala andiuza zonse. Andikalipira, kenako apepesa, kenako andikalipiranso."

"Ndi mmene alili."

"Akuti BP ilipodi, koma andipatsa mtundu wina wosakhudza chifuwa. Akuti ndikabweretse buku lakale." Anasisita bondo. "Ndinaganiza kuti ndachenjera. Buku latsopano, kupopera kasanu ndi katatu m'chimbudzi ndisanalowe. Ndinkangofuna chidindo pa chiphaso."

"Mukanafa chifukwa cha chidindo."

"Ndikanafa ndili pantchito." Anamwetulira pang'ono, kenako anandiyang'anitsitsa. "Ndinu wa katani wachikasu."

Ndinayang'ana kapu ya madzi.

"Mumadziwa?"

"Katani wogwedezeka popanda mphepo, sikisi koloko iliyonse? Asisi, mwandisowetsa mtendere miyezi yonseyi. Ndinkaganiza kuti abwana anaika kazitape. Mwini sitolo ya nsapato ndi mnzawo wa kutchalitchi. Tsiku lililonse ndinkati lero andiitana mu ofesi. Ndinayesa kukapopera m'chimbudzi, koma chimbudzi chathu khoma lake ndi la ofesi, zimamveka. Ndinayesa kubisala kuseri kwa mgolo, ndine wamtali. Mapeto ake ndinangoti, kazitape ameneyu ngati akunena anene."

Miyezi isanu ndi itatu ine ndikutcha ana maina, iye akundiopa. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulowa pansi pa bedi.

"Sindine kazitape."

"Ndaona. Kazitape sathamanga chonchija." Anayang'ana phazi langa, pamene magazi anali atadetsa nsapato. "Nanga mumayang'ana chiyani?"

"Imwani mankhwala, achimwene."

"Ndamwa kale amodzi lero osafunsa mafunso, mwaona zimene zachitika."

"Awa ndi abwino. Ndawaona ndekha."

Anamwa, akundiyang'anabe pamwamba pa kapu. Ndinatuluka ndisanagwetse kanthu.

M'mawa wotsatira chitseko chachitsulo sichinalire sikisi koloko. Tsiku linalo chimodzimodzi. Sabata yonse ndinkaima ndi tiyi wanga kuseri kwa katani, ndikuyang'ana mgolo ndi matumba. Tsiku lina kunatuluka munthu wina, wamfupi, kudzataya madzi. Ndiye kuti amuchotsa. Ndinamupulumutsa chifuwa n'kumulanda ntchito, ndipo ndinalibe njira yodziwira kumene ali. Kukagula buledi ndinkaopa. Nambala ya m'kaundula inali ya abwana. Kuntchito ndinkadzutsa mutu pakalowa aliyense wa shati yoyera, mpaka Wailesi anati khosi langa lidzathyoka.

Adokotala anawonjezera mzere wina pa pepala la pakhoma, ndi inki yofiira yomweyo: Funsani wodwala ali yekha.

Anabwera Lachinayi la sabata yachiwiri, cha m'ma teni. Ndinamuona ali wachisanu pamzere, yekha, wopanda fulawa ndi pang'ono pomwe. Mapazi anga anatembenukira okha ku chipinda chosungira.

"Katoni ina?" anatero Wailesi osadzutsa mutu. "Ukasuntha pamenepo ndikumanga pa mpando ndi bandeji."

Ndinakhala.

Atafika pazenera anaika buku lake. Anali mabuku awiri, lakale lakuda m'makona ndi latsopano lija, atawasokerera pamodzi ndi ulusi wa thumba la fulawa. Ndinatsegula. Adokotala anali atalemba amlodipine, kamodzi patsiku, ndi kopopera kena kofiirira koteteza chifuwa, ndipo pamwamba pa tsamba analemba MPHUMU ndi zilembo zazikulu, n'kuzungulira kawiri.

"Ntchito?" ndinafunsa, ndikuwerengabe.

"Kokanda andichotsako. Adokotala analemba kalata kuti fulawa ndi amene amandiputa. Abwana anakhala masiku anayi osandiyankhula. Lachisanu anandiponyera makiyi, akuti popeza kumbuyo kwa galimoto ndakudziwa, ndidziwenso kutsogolo. Ndikumapereka buledi m'masitolo."

Ndinadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Kukanda ndimakusowa," anapitiriza. "Manja amandiyabwa m'mawa. Koma ndikugona osakhala tsonga."

Ndinaika mapiritsi m'kathumba n'kulemba pamwamba. "Limodzi m'mawa uliwonse. Mapazi akayamba kutupa, mubwere, musangosiya. Kofiiriraka m'mawa ndi madzulo, ngakhale mukumva bwino, mukatha muzichukucha m'kamwa. Kabuluu kaja muziyenda nakobe."

"Kali m'thumba la shati tsopano." Anagogoda pachifuwa.

"Pali matenda ena amene simunanene? Shuga? Impso?"

"Palibe."

"Zoona?"

"Fufuzani sokosi inayo ngati mukukayika."

Wailesi anatsamwa ndi kuseka pazenera lachiwiri. Kumbuyo kwa mzere bambo wina anadandaula kuti ena tabwera kudzalandira mankhwala, osati kudzaonerera. Ndinamukankhira kathumba ndi buku. Sanachoke msanga.

"Galimoto imanyamuka hafu pasiti sikisi," anatero motsitsa mawu. "Imatulukira kutsogolo, osati kuseri. Pazenera lanu simungaione. Imadutsa pakhomo pa sitolo ya nsapato, n'kubwera njira yomwe ino."

"Ndimayamba ntchito hafu pasiti seveni."

"Ndiye mudzafika msanga. Funso langa lija, loti mumayang'ana chiyani, simunayankhe."

Anatenga mankhwala ake n'kupita. Ndinaitana wotsatira, ndinawerenga pepala lake kawiri, ndinamufunsa mafunso onse a pakhoma, ndipo nditamaliza ndinazindikira kuti ndikugwedezanso mwendo. Kuti hafu pasiti sikisi ikwane panali patatsala maola makumi awiri, ndipo yankho ndinali ndisanalikonze.